Nyimbo ya Fenias pa Pikapu ya Chipani

Ndinayamba kuimva ndili pa boda ya Mwanza, nditakhala pa katoni ya mafuta ophikira, ndikudikira wa msonkho amene anali atapita ku nkhomaliro. Mphepo ya Ogasiti inkatiwaza fumbi m'maso. Mathiraki anali atandanda kuchokera pa geti mpaka kuseri kwa phiri, madalaivala ena atagona pansi pa magalimoto awo ngati anthu amene aiwala kumene amapita.

Dzina langa ndine Anabela. Geni yanga ndi yodutsa malire. Ndimakaoda mafuta ophikira, sipageti, sopo ndi zitenje ku Zobue, mwina mpaka ku Tete, n'kudzagulitsa pa boma ndi kwathu ku Thambani. Chaka chimenecho geni inali ngati kutunga madzi m'dengu. Anyamata osintha ndalama ankatchula mtengo wina m'mawa, wina masana. Chaka chathacho, anzathu a ku Mozambique atavota, msewu wa ku Tete unatsekeka ndi zionetsero, ife n'kukhala manja lende. Ndiye kampeni yathu itayamba, mtima wanga sunakhale m'malo. Aliyense woimira upulezidenti ankalonjeza kuti ife a mageni ang'onoang'ono tizidzadutsa pa boda ngati tikulowa m'nyumba mwathu. Sindinkakhulupirira aliyense, komabe wailesi sindinkaitseka.

Pafupi nane dalaivala wina anali atatsegula chitseko cha thiraki, akumeta ndevu pa kagalasi, foni yake ikuimba pampando. Ng'oma za pa kompyuta, gitala wothamanga, kenako mawu a munthu. Mawuwo ndinawadziwa mzere woyamba usanathe. Anali a mlongo wanga wamng'ono, Custodio. Ndinayamba kumwetulira, poti mwana uja wavutikira nyimbo kuyambira ali ndi kabudula wong'ambika. Kenako ndinamvetsetsa chuni chake, kumwetulira kuja n'kutha.

Amayi athu, a Belmira, si a kuno. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kuchokera m'mudzi wina kufupi ndi Moatize. Mwamuna wawo woyamba anaphedwa, iwo n'kuthawa ndi mwana kumbuyo, Fenias, amene anali asanayambe kuyankhula bwino. Anayenda m'tchire ndi gulu la anthu. Mwanayo anali atatsegula m'mimba, ndipo kuti asalire asilikali n'kumva, amayi ankamuimbira chapansipansi m'Chinyungwe cha kwawo. M'Chichewa nyimboyo imati: khala chete mwanawe, njira yatsala pang'ono, kutsogoloku kuli madzi, kutsogoloku kuli anthu. Fenias anamwalira atatsala pang'ono kulowa m'Malawi. Anamukwirira pansi pa mtengo wa muwanga, anthu akuwafulumizitsa kuti tiyeni. Anafika ku Thambani opanda kanthu kumbuyo, ndipo patapita zaka anakwatiwa ndi bambo athu, a konkuno, amene anatisiya ine ndili ku pulayimale.

Nyimbo ija amayi sankaimba wamba. Tinkaimva akamasankha nandolo ali okha kuseri kwa nyumba, kapena mdzukulu akatentha thupi. Ife ana tinkaidziwa yonse koma sitinkaiimba iwo ali pafupi.

Tsono pa foni ya dalaivala uja inkati: votera bwino mzangawe, njira yatsala pang'ono, kutsogoloku kuli ntchito, kutsogoloku kuli chuma. Kenako dzina la mtsogoleri wa chipani china, mobwerezabwereza, ndi nthungululu zojambuliratu.

"Achimwene, nyimboyi mwaitenga kuti?" ndinamufunsa.

"Yavuta iyi, mayi," anatero sopo ali kumasaya. "Ili pa foni iliyonse. Akuti ndi mnyamata wa kwanu konkuno. Ine chipanicho sindichifuna, koma nyimboyi imakoma."

Ndinaimbira Custodio, osayankha. Ndinaimbanso, osayankha. Ndinaimbira mkazi wake, Tiyese.

"Alamu, ine ndinawaletsa," anayamba choncho ndisanafunse kanthu. "Anati ndisawauze amayi mpaka aone mmene ziyendere. Lero pikapu ya chipani ikubwera kuno ku Thambani, poti ndi tsiku la msika. Iwo ali pomwepo, akudzaimba."

"Nanga amayi?"

"Apita kumsika ndi nandolo."

Katundu wanga ndinamusiyira Flossie, mnzanga wa geni amene tinali naye pamzere, osamulongosolera zambiri. Ndinathamangira kokwerera. Mafuta a galimoto ankasowa masiku amenewo, ndiye ya ku Thambani inali imodzi yokha, pikapu yakale, dalaivala wake akukana kunyamuka mpaka anthu atadzaza ndi pa matayala pomwe. Ndinakhala pa thumba la feteleza, kutsika, kukweranso. Titanyamuka, bambo wina wachikulire ndi mnyamata wa chipewa cha chipani anayamba kukangana za mtengo wa nandolo.

"Bwana wathu akalowa, nandolo akwera," anatero mnyamatayo.

"Nandolo wathu amakadyedwa ku India," anayankha bamboyo. "Mtengo wake amaupangira ku India. Sitima ili ku Beira. Bwana wakoyo alowa pati pamenepa?"

Anthu anaseka. Tsiku lina ndikanalowererapo, chifukwa nkhani zimenezi ndimazidziwa ndi msana wanga. Koma ine ndinkangoyang'ana msewu, mapiri akubwera pang'onopang'ono ngati akuchita dala.

Nyimbo inandichingamira ndisanauone msika. Pikapu ya chipani inali itaima pafupi ndi ogulitsa kaunjika, masipika akuluakulu atamangidwa ndi zingwe. Azimayi ovala nsalu za nkhope ya mtsogoleri ankavina mozungulira, fumbi kobo. Pamwamba pa galimotoyo panali Custodio, atavala tisheti yomukulira, maikolofoni ili m'manja, nkhope ikuwala mmene sindinaionepo. Pambali pake panali Kinsley, amene ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Ali ndi kaofesi kothandiza anthu mapepala a katundu pa boda, ndipo chaka chimenecho ndiye ankayendetsa kampeni ya chipanicho m'dera lathu.

Amayi ndinawaona mochedwa. Anali atalowa kale pakati pa ovina, beseni la nandolo lili m'chiuno, akuyenda molunjika osapatukira munthu. Atafika pa galimoto anaika dzanja pa chitsulo chake.

"Zimitsani," anatero.

Palibe anamva. Ine ndinangoona milomo yawo, chifukwa ndinali ndikukankhana ndi anthu kuti ndifike. Custodio anayang'ana pansi n'kuwaona. Anatsitsa maikolofoni, pakamwa pake n'kutseka. Koma mawu ake anapitiriza kutuluka m'masipika, chifukwa nyimboyo inali yojambula kale, iye ankangoimba pamwamba pake. Anaima chilili ngati chitsa, mawu ake akufuulabe kuti njira yatsala pang'ono.

"Zimitsani!" amayi anabwereza, ulendo uno akumenya galimotoyo ndi chikhatho.

"Agogo, ngati simuvina pitani kumbali," anatero mnyamata wina wa magalasi akuda.

Mnzake anawonjeza mokweza: "Asiyeni awo, ndi a ku Mozambique, savota n'komwe!"

Ena anaseka. Ena amene amawadziwa amayi anayang'ana kumbali. Amayi akhala ku Thambani kuyambira makolo a mnyamata ameneyo asanakwatirane, anakumba nawo maziko a chipatala, koma n'zoona, chiphaso cha unzika alibe ndipo sanavotepo.

Kinsley anadumpha pansi, kuuza wa makina kuti atsitse. Si munthu woipa Kinsley. Anagwada pang'ono, n'kunena kuti, "Amayi, pepani, ana awa alibe mwambo. Mwana wanu watinyaditsa boma lonse." Anatenga nsalu ya chipani yatsopano n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Amayi sanaiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Custodio.

"Mkulu wako wamuika pamsika," anatero, osakweza mawu.

Anaika beseni pansi n'kutembenuka, kudutsa pambali panga ngati sakundidziwa. Ndinatola beseni lija n'kuwatsatira. Tisanafike pa mjigo, nyimbo inali itakweranso.

Kunyumba analowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Custodio anafika dzuwa likupendeka, tisheti ija ataivula, ataipindira m'manja. Ndinamukokera kuseri, ku khola la mbuzi, kuti amayi asatimve.

"Iwe, mutu wako ukuyenda bwino?"

"Achemwali, mundimvere kaye."

"Ndakumva kale. Ndakumvera pa boda, pa foni ya dalaivala wa thiraki akumeta ndevu."

Anakhala pa mtondo wogwetsa, n'kuyamba kufotokoza. Kinsley anabwera kudzameta ku kashopu ka Custodio, n'kumupeza akung'ung'udza nyimboyo. Anamufunsa kuti ndi ya ndani, iye n'kuti ndi ya kwathu. Mawa lake anamutengera ku situdiyo ya pa boma.

"Inu mumadutsa boda, mumaona dziko," anatero. "Ine ndakhala ndikumeta mitu ya anthu omwewa. Ndaimba m'maukwati, malipiro ake mbale ya mpunga. Nyimbo zanga ndatumiza ku mawailesi, palibe ndi imodzi yomwe inaimbidwapo. Ndiye munthu akubwera, akuti mawa dziko lonse likumva. Akuti akapambana anditengera ku Blantyre."

"Bwanji sunawapatse ina? Uli nazo zambirimbiri."

"Ndinawaimbira zanga. Sanazifune." Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Ndipo sanalakwe. Ija ndi yabwino kuposa zonse zimene ndinapeka ndekha. Kuyambira ndili mwana imandisowetsa mtendere. Ndinkafuna anthu aimve."

"Anthu aimve ikupempha mavoti?"

"Fenias sindinamuone ine, achemwali. Inunso simunamuone. Ine ndinakula ndi nyimbo, osati ndi maliro. Kodi chinthu chimene ndayamwa sichingakhale changa?"

Ndinafuna kumumenya ndi beseni lija. Ndinangomuuza kuti apite akagogode pa chitseko. Anagogoda, kuitana, kugogodanso. M'katimo munali zii. Tiyese anawaikira chakudya pakhomo, nkhuku n'kuyamba kuchizungulira mpaka anachichotsa.

Kutacha Tiyese anabwera akuthamanga kumene ndinkasamba m'maso.

"Alamu, amayi mulibe."

Mphasa inali yopinda bwino, itatsamira khoma. Nsapato zawo za ku tchalitchi panalibe. Tinayamba kwa anansi, ku tchalitchi, ku manda a bambo, kuchipatala. Ndinkalowa m'nyumba za anthu osaodira. Pomaliza tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga ya matumba a makala, amene anati wakumana nawo m'bandakucha pa kanjira kolowera kumadzulo.

"Ndinawapatsa moni m'Chichewa, anandiyankha m'Chinyungwe," anatero. "Amayenda ngati munthu wothamangira basi."

Ine ndi Custodio tinayang'anana. Kanjira kameneko kamapita ku Mozambique, ndipo chibwerere amayi anali asanapondeko tsidya lija. Ngakhale nkhondo itatha, malole akutenga anthu kubwerera kwawo, iwo anakana. Ine ndikamapita ku geni sankandituma kanthu, ngakhale mchere.

Njinga zamoto za kabaza zinali zitaimikidwa pamthunzi, zopanda mafuta. Tinabwereka njinga yakapalasa kwa a katekisiti. Custodio ankapalasa, ine ndili pa kaliyala, pokwera tikutsika n'kumakankha. Ndinkangomva kupuma kwake ndi kulira kwa tcheni. Anthu a m'minda ankatilozera kutsogolo: adutsa, adutsa kale, mayi wa duku yakuda.

Malire tinawadutsa osadziwa. Ndinangomva foni ikulira m'chikwama, uthenga wa Chipwitikizi wondilandira. Nditacheuka ndinaona kachipilala ka simenti m'udzu, mbuzi ikudzikanda pamenepo. Ine amene ndakalambira pa geti, kudandaulira anthu a mayunifolomu, ndinafuna kuseka.

Tinawapeza dzuwa lili pamutu, m'munda wa nandolo wa pa chitunda. Ankayenda uku ndi uku pakati pa mizere, kuima pa chitsa, kuwerama, kuchigwira, kupita pa china. Nsapato anali atazivula, atazigwira m'manja. M'mphepete mwa munda munaima bambo wamtali, wa khasu paphewa, chigubu cha madzi chili pamapazi ake. Anati dzina lake ndi Petro, ndipo munda ndi wake.

"Ndi amayi anu?" anafunsa. Chichewa chake chinali chonga chathu. "Afika kale. Akufunsa muwanga. Ndawauza kuti miwanga inatha kuno, makala ake anapita kwanu ku Blantyre. Madzi akana."

Ndinapita pafupi. "Amayi."

"Panali mwala ngati mphika wovundikira," anatero osandiyang'ana. "Khwawa linali kumanzere. Kapena kumanja, poti tinkachokera uku." Analoza, kenako dzanja linatembenukira kwina. Makwawa analipo mbali zonse. Miyala yonga miphika inali mbwee chitunda chonse.

"Amayi, tiyeni mukhale pansi kaye, mumwe madzi."

"Usandigwire."

Anapitiriza. Ife tinkawatsata m'mbuyo ngati anapiye, makoko a nandolo akutikwapula m'mikono. Miyendo yawo inali itatupa, chala china chikutuluka magazi. Pa chitsa china chachikulu anaima nthawi yaitali, ine n'kuganiza kuti apeza. Kenako anapukusa mutu.

Apo Custodio anawadutsa n'kugwada kutsogolo kwawo.

"Amayi, ndalakwa."

"Dzuka, ukuthyola nandolo wa eni ake."

Sanadzuke. Amayi anamuyang'ana pamutu, pamene tsitsi layamba kuchepa ngati bambo ake.

"Ukuganiza kuti ndabwera kuno chifukwa ndakwiya?" anatero. "Kukwiya ndikanakwiyira kunyumba. Dzulo nditatseka chitseko ndinati ndimuimbire mwana wanga, ndimupepese. Ndatsegula pakamwa, akubwera ndi mawu ako aja. Votera, votera. Ndayesanso, omwewo. Anga athawa. Ndiye ndinati mwina ndikafika pamene ndinamusiya abwerera."

Custodio anakweza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Anayamba mzere woyamba m'Chinyungwe, chapansipansi, mmene amayi ankaimbira.

"Ayi," anamudula. "Osati iwe. Osati lero."

Anatseka pakamwa.

A Petro anali atayandikira. Anatsokomola pang'ono n'kunena kuti sakufuna kulowerera za pabanja, koma pali malo ena kumunsi, m'mbali mwa khwawa, amene anthu a m'mudzi mwawo salimapo. Akuluakulu amene anatsala nthawi ya nkhondo ankati njira ya othawa inkadutsa pamenepo, ndipo ambiri anasiyapo anthu awo, makamaka ana. Mayina palibe akuwadziwa.

Anatitsogolera. Anali malo ochepa, a udzu wautali ndi zitsamba, pakati pa minda iwiri yolimidwa bwino. Panalibe mtanda kapena chizindikiro, kungoti makasu a mbali zonse ankalekezera pamenepo. Amayi anayang'ana phiri, kuyang'ana khwawa.

"Si pano," anatero. "Koma pali ana a anzanga."

Anakhala pansi, kuika nsapato pambali, n'kuyamba kuzula udzu umene unali pafupi ndi manja awo. A Petro anawapatsanso chigubu chija, ulendo uno anamwa. Anayamba kucheza nawo m'Chinyungwe, mofulumira, mawu ena amene ine sindinawamvepo m'kamwa mwawo. Ankafunsana za mitsinje ndi misika, za njanji ya malasha. Ine ndi Custodio tinazula nawo udzu, poti panalibe china choti tichite.

Pobwerera amayi anakwera pa kaliyala, Custodio akukankha njinga, ine ndili pambuyo ndi nsapato zawo. Pokwera phiri thukuta linkamutsika mpaka m'zigongono, koma amayi atati atsike anakana. Tinafika ku Thambani ana akuweruka masewera.

Mawa lake Custodio anapita kwa Kinsley kukapempha kuti nyimbo ichotsedwe. Ndinapita naye, poti katundu wanga anali akadali kwa Flossie. Kinsley anamvetsera nkhani yonse atagwira kukamwa.

"Bwanji sunandiuze, aise?" anatero. "Ine ndinkayesa ndi nyimbo ya pamtondo." Analonjeza kuti pikapu ikamabwera ku Thambani sazidzaiimba, ndipo anasunga mawu ake. "Koma kwinaku sindingathe. Akuluakulu aikonda, yapita kale ku Lilongwe. Nyimbo si katoni ya sopo, Anabela, yoti ungaibweze pa geti."

Zinalidi choncho. Inali m'maminibasi, m'mabala, m'mafoni a ana a sukulu. Ana a anansi athu ankaiimba posewera fulaye, amayi awo n'kumawatsina kuti asiye. Amayi anasiya kupita kumsika. Tsiku limene mtsogoleri wa chipanicho anabwera pa bwalo la pa boma, Custodio anakana kukwera pa nsanja. A chipani anaikapo mnyamata wina amene ankangoyendetsa milomo pa mawu a mlongo wanga, ndipo anthu anavina bwinobwino osaona kusiyana. Custodio tsiku limenelo anatsegula shopu yake, koma sanamete munthu, onse anali ku msonkhano.

Chisankho chinachitika, wopambana anapambana. Ine ndinavota, Custodio anavota, sitinafunsane. Za ku Blantyre zija sizinamvekenso. Pa boda mzere ndi womwe uja, ndipo wa msonkho amapitabe ku nkhomaliro nthawi imene ukumufuna. Nyimbo ija inayamba kuzilala mvula yoyamba isanagwe, kunabwera zina.

Amayi ndi Custodio amayankhulana. Amamutuma kukagaitsa, amamufunsa za chifuwa cha mwana, iye amawakonzera denga. Koma akatenga gitala madzulo, amayi amapeza chochita kwa anansi. Iye amapekabe zake. Zina ndi zabwino ndithu, ngakhale amati akazimaliza amamva ngati wamanga nyumba yopanda khomo. Ngati mawu aja anawabwerera amayi, sindikudziwa. Sindinawamvenso akuimba, ndipo kufunsa ndimaopa.

Chimene sindinachiyembekezere ndi ichi. Tsiku lina ndikumanga zikwama za ulendo wa ku Zobue, ndinawapeza atavala kale, ataima pakhomo.

"Ndikupita nawe."

"Kukatani, amayi? Ndi kotopetsa kuja."

"Ndikakunyamulira katundu."

Sananyamule kanthu. Titangolowa mumsika wa ku Zobue anandisiya ndikutsutsana mtengo wa mafuta, iwo n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi. Aliyense wa imvi ankamuimirira. Kwanu n'kuti? Munathawira kuti? Akutiakuti mumawadziwa? Ulendo wotsatira anapitanso, ndi winawo. Geni yanga inayamba kuchedwa, chifukwa nthawi yonyamuka ndinkayamba kuwasakasaka m'misika, kuwapeza atakhala pa chidebe cha munthu wosamudziwa, akutchula mayina a anthu amene ine sindinawamvepo. Ndinadandaula kwa Tiyese kuti amayi asanduka mwana wothawathawa. Kunyumbanso sankakhazikika. Ankangofunsa kuti sopo watha liti kuti tikaodenso.

Mwezi watha, pa mzere wa ogulitsa nsomba zouma, ndinamva amayi akukuwa dzina langa. Ndinathamanga poganiza kuti agwa. Ndinawapeza atagwira dzanja la mayi wina wonenepa, wa mano otha.

"Uyu ndi wa kutsidya kwa mtsinje wa kwathu," anatero amayi. "Akuti Luisa ali moyo."

"Luisa ndani?"

"Mng'ono wanga. Wonditsatira."

Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti amayi anali ndi mng'ono. Mayi wa nsombayo anati sakutsimikiza bwino, papita nthawi, koma anamuonapo ku Moatize akugulitsa makala pafupi ndi siteshoni, ali ndi chipsera pachipumi.

"Cha nkhwangwa," anatero amayi. "Ndinamugwetsera ndine tili ana."

Ndinawauza kuti tibwerere kaye kunyumba, tikonzeke, timuuze Custodio, tidzapite bwinobwino sabata ya mawa. Ndinawakumbutsa kuti mafuta sindinagule, kuti Flossie akundidikira pa geti, kuti mapepala awo odutsira pa boda ndi a tsiku limodzi ndipo kutsogoloku kuli apolisi a pamsewu. Ankangogwedeza mutu uku akuyenda. Pamene ndinkamaliza kuyankhula tinali titafika kale pokwerera maminibasi a ku Moatize, ndipo iwo anali atakhala pampando wa kutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

"Amayi, tikakapanda kumupeza?"

"Tikafunsa," anatero. "Kwera, ukuchedwetsa anthu."

Ndinaimbira Flossie kuti asandidikire. Kenako ndinaimbira Custodio, ndipo ulendo uno anayankha msanga. Ndinamuuza zonse, makina ometera akulira chapatali.

"Muwauze kuti ndikubwera," anatero. "Ndikwera ya mawa m'mawa."

Ndinawauza. Amayi anayang'ana kunja pa windo, kumene kondakitala ankakweza matumba padenga.

"Abwere ndi juzi yanga," anatero. "Ndaiiwala pa chingwe."